Lekani Ana Alembe M'mabuku

Mukavundukula chikuto cha mabuku ambiri a m'sukulu zathu za sekondale mumapeza chidindo cha sukulu, nambala ya buku, ndipo kawirikawiri mumapezanso chenjezo lakuti wophunzira asalembemo kanthu. Tsiku loyamba la teremu mphunzitsi wosunga mabuku amabwereza chenjezoli pakamwa, nawonjezerapo kuti wopezeka atadetsa buku adzalipira. Lamulo limeneli lidakhazikika kwambiri kotero kuti palibe amene amalifunsa kumene lidachokera kapena kumene likutipititsa. Ine ndikufuna kulitsutsa, koma sindingaloze chala anzanga ndisanaulule mlandu wanga.

Zaka zapitazo, nditangoyamba kumene uphunzitsi pa sukulu ina ya m'boma la Rumphi, ndidapatsidwa udindo woyang'anira mabuku. Kumapeto kwa teremu ndidakhala pa tebulo ndi mulu wa mabuku obwezedwa, n'kumasanthula tsamba ndi tsamba ngati wapolisi wofufuza katundu m'basi. M'buku lina la Bayoloje, pa tsamba lofotokoza za malungo, pamene padalembedwa kuti udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ndiwo umafalitsa matendawa, ndidapeza timalemba ta pensulo m'mphepete. Mnyamata wina wa Fomu 3 adali atalemba m'Chitumbuka funso limene m'Chichewa tinganene kuti, "Nanga waumuna umadya chiyani?"

Ndidamuitanitsa. Ndidampatsa chofufutira kuti afufute ine ndikuona, kenaka ndidamtuma akazule chitsa kuseri kwa makalasi. Adakazula osanyinyirika. Chimene sindidamuuze n'chakuti yankho la funso lakelo ine sindinkalidziwa. Mutu wa malungo ndidauphunzira ku sekondale, ndidaubwereza ku koleji, ndidaulembetsa ana pa bolodi, koma funso limenelo lidali lisanandibwerepo m'mutu. Patapita nthawi ndidafufuza. Udzudzu waumuna umayamwa timadzi ta m'maluwa ndi m'zomera, ndipo suluma munthu; waukazi ndiwo umasowa magazi kuti mazira ake akhwime. M'yankho lalifupili ndimo mwagona mutu wonsewo: chifukwa chimene udzudzu umalumira, chifukwa chimene umafunira zithaphwi zoikiramo mazira, ndi chifukwa chimene malungo amasautsira kwambiri m'dzinja. Pa anthu onse amene tidagwirapo bukulo, mnyamatayo yekha ndiye adaliwerenga tsamba limenelo. Enafe tidangodutsapo ndi maso. Ndipo mphotho yake idali chitsa.

Tsono ndikunena poyera kuti lamulo loletsa kulemba m'mabuku, monga momwe tikuligwiritsira ntchito, likusamala pepala n'kumaononga mwana. Likuphunzitsa wophunzira kuti buku ndi mfumu yolankhula yokha pa bwalo, ndipo kuti ntchito ya wowerenga ndi kuwomba m'manja basi. Zipatso zake timaziona chaka ndi chaka pa mayeso a MSCE: ophunzira amene adaloweza ndime yathunthu, mawu ndi mawu, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono amangoti kakasi, cholembera kukamwa.

Taonani mmene ambiri a inu mumawerengera nthawi ya sitade madzulo. Buku lili pa desiki, manja ali m'kati mwa juzi chifukwa cha chisanu chotsika ku Nyika, maso akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ola likamatha masamba khumi atha, ndipo mtima uli m'malo kuti ntchito yagwirika. Koma wina atakufunsani kuti tsamba lachitatu limanena chiyani, mungayankhe? Maso ndi achinyengo. Amatha kufika pansi pa tsamba mwini wake ali kumudzi, akuganiza za fizi kapena za mpira wa Loweruka. Dzanja silinyenga motero. Simungalembe mfundo ya ndime m'mawu asanu a inu eni musanaimvetse ndimeyo. Mukayesa n'kulephera, pomwepo mwadziwa kuti simunamve, ndipo mwadziwa lero, miyezi isanu ndi umodzi mayeso asanafike, osati m'chipinda cha mayeso woyang'anira ataima pambuyo panu.

Pano ndichenjeze, poopa kuti ena angandimve molakwa. Sindikunena za kujambula mizere pansi pa mawu. Alipo ophunzira amene amatenga lula n'kulemba mzere pansi pa chiganizo chilichonse, mpaka tsamba lonse kumaoneka ngati munda wa mizere yokhayokha wopanda mbewu. Kumeneko ndi kudzinamiza. M'chaka cha 2013 akatswiri a za maphunziro a ku America, motsogozedwa ndi John Dunlosky, adaunika njira khumi zimene ophunzira amatsata powerenga. Adapeza kuti kulemba mizere pansi pa mawu ndi kubwereza kuwerenga tsamba lomwelo ndi zina mwa njira zopanda phindu kwenikweni, ngakhale ndizo zokondedwa kwambiri. Njira zimene zidaoneka zothandiza ndi kudziyesa wekha ndi mafunso, kugawa kuwerenga m'masiku angapo, ndiponso, pa mlingo wocheperapo, kudzifunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndi kudzifotokozera wekha zimene wawerenga. Kulemba kumene ndikukuikira kumbuyo ndi kwa mtundu umenewu: funso pamene simunamve, liwu la chinenero chanu pamwamba pa liwu lovuta lachingerezi, chitsanzo cha kwanu pambali pa mfundo ya m'buku, nambala ya tsamba lina pamene wolemba akudzitsutsa yekha. Buku la Jogalafe likamafotokoza za Chigwa Chachikulu chong'ambika ndi zitunda zotsetsereka za m'mbali mwake, mwana wa ku Rumphi amene walemba pambali kuti "ngati pa Chiweta" wamva kale kuposa amene waloweza tanthauzo lonse, pakuti iyeyo waona ndi maso msewu ukukhotakhota kutsikira kunyanja. Likamanena za malasha, alembe "Mchenga". Likamanena za khofi, alembe "Phoka". Mfundo imene yapeza mudzi wake m'mutu mwa mwana siisochera.

Ndikudziwa chimene anzanga aphunzitsi andiyankhe, ndipo yankho lawo si lachibwana. Adzati: mabuku ndi ochepa, ndi odula, ndiponso si a mwana mmodzi. Zimenezi n'zoona. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchokera pa ochepera 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo funde limenelo lidadzafika ku sekondale mabuku asanachuluke molingana nalo. M'sukulu zambiri zoyendera buku limodzi limazungulira m'manja mwa ophunzira angapo. Buku limene lafika ku Hewe, kumalire ndi Zambia, kapena ku Tcharo, kumene anthu amadalira bwato ndi miyendo, layenda ulendo wautali, ndipo likaonongeka palibe amene akudziwa tsiku limene lina lidzafike. Mphunzitsi wamkulu amene akulondera mabuku otero ngati nkhuku yofungatira mazira sitingamseke.

Koma tiyeni tifunsane moona mtima: kodi chimene chimapha mabuku m'sukulu zathu n'chiyani? Ine ndakhala m'chipinda chosungira mabuku zaka zambiri, ndipo sindidaonepo buku lotayidwa chifukwa cha pensulo. Ndaona mabuku odyedwa ndi chiswe, onyowa ndi denga lodontha, othothoka zikuto chifukwa palibe adaganiza zowakutira, ndi ong'ambidwa masamba ndi ana ofuna kupanga likasa. Ndaonanso, ndipo izi n'zimene zimandipweteka koposa, mabuku atsopano ali m'makatoni mu ofesi, osatsekulidwa zaka zitatu, kuti alendo akabwera aone kuti sukulu ili ndi mabuku osamalika. Silabasi imasintha mabukuwo adakali ndi fungo la kufakitale. Kumeneko ndiye timati kusamala? Ndi chikomekome cha mkuyu. Khasu limene mpini wake sudade ndi thukuta silidalime, ndipo mwini wake asatinamize kuti ndi mlimi wosamala zida.

Adzatinso: mukawalola, adzalembamo zachabechabe. Inde, ena adzatero, ndipo akutero kale ngakhale lamulo lilipo. Ndani sadaonepo buku lolembedwa Bullets pa tsamba lina, Wanderers pa tsamba linzake, kapena mtima wolasidwa ndi muvi pakati pa masamu? Kumeneko ndi kudetsa, ndipo wochita zimenezi alangidwe ndithu. Koma lamulo limene silitha kusiyanitsa mtima wolasidwa ndi funso la udzudzu ndi lamulo laulesi. Limapeputsa ntchito ya mphunzitsi, poti kuona ngati tsamba ndi loyera kumatenga kamphindi, pamene kuwerenga zimene mwana walemba kumafuna nthawi ndi nzeru. Makolo athu a m'mphepete mwa nyanja sabisa mpeni poopa kuti mwana angadzicheke; amakhala naye pansi namphunzitsa kusenda chinangwa. Ifenso tikhale pansi ndi ana a Fomu 1 sabata yoyamba, tiwaonetse kalembedwe koyenera: ndi pensulo yokha, m'mphepete mokha, mwa timalemba tating'ono, ndipo zokhudza phunzirolo zokha.

Ndipo tisaiwale kuti buku lodutsa m'manja ambiri likhoza kulemera m'malo mosauka. Wophunzira wa chaka chino akapeza kuti mnzake wa chaka chatha adalemba pambali kuti yankho la samu ya nambala yakutiyakuti kumapeto kwa buku ndi lolakwika, wapulumuka usiku wathunthu wodziona ngati mbuli. Akapeza funso limene wina adasiya losayankha, walandira ntchito yabwino kuposa imene ine ndikadampatsa. Pa sukulu imene aphunzitsi ndi ochepa, mawu a m'mphepetewa amasanduka mphunzitsi wina wosalandira malipiro.

Amene amaganiza kuti kulemba m'buku ndi khalidwe la ana osaleredwa bwino ayenera kumva pang'ono mbiri ya mabuku. Ku British Library, mu mzinda wa London, amasunga buku la Mauthenga Abwino anayi lotchedwa Lindisfarne Gospels, lolembedwa pamanja m'Chilatini cha m'ma 700, lokongoletsedwa mochititsa kaso. M'zaka za m'ma 900 wansembe wina dzina lake Aldred adatenga cholembera n'kulemba matanthauzo m'chinenero cha kwawo pamwamba pa mawu a Chilatiniwo, liwu ndi liwu. Kukadakhala kuno tikadamtuma chitsa. Komatu zolemba zakezo ndizo Mauthenga Abwino akale koposa onse amene alipo lero m'Chingerezi. Taganizirani: chinenero chimene timalangira ana athu kuti achilankhule chidali nachonso chinenero cha kumudzi, cholowa mozemba pakati pa mizere ya chinenero cha ophunzira. Mwana wa ku Bolero amene akulemba Chitumbuka pamwamba pa Chingerezi akuchita zomwe adachita Aldred, ndipo iyeyu katundu wake ndi wolemera koposa, pakuti kunyumba amalankhula Chitumbuka, m'kalasi amaphunzira Chichewa, ndipo mayeso a maphunziro ena onse amalemba m'Chingerezi.

Okonda masamu amdziwa Pierre de Fermat, loya wa ku France, amene cha m'ma 1637 ankawerenga buku lakale la masamu la Diophantus. M'mphepete mwa tsamba lina adalembamo mfundo imene adati angathe kuitsimikizira, kungoti malo olembapo adamchepera. Mwana wake adasindikiza zolemba za m'mphepetezo m'chaka cha 1670, bambo ake atamwalira, ndipo akatswiri a masamu adalimbana ndi kachiganizo kameneko zaka zoposa 300, mpaka Andrew Wiles adakatsimikizira m'chaka cha 1994. Poyesa kumasula mfundo imodziyo adatulukira njira zambiri zatsopano za masamu. Akadakhala kuti Fermat adamvera chenjezo la pa chikuto, bwenzi zonsezo kulibe.

Koma sitisowa kuwoloka nyanja kuti tione phindu la munthu woyankha buku. Boma la Rumphi lomweli lili ndi umboni wake pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene Dr Robert Laws adakhazikitsa Livingstonia m'chaka cha 1894, pambuyo pa Cape Maclear ndi Bandawe. Sukulu ya Overtoun Institution idatchuka m'chigawo chonse chino cha Africa, ndipo chimene idatchukira si ana odziwa kuloweza ayi. Anthu ophunzitsidwa ndi mishoni imeneyi adawerenga Baibulo, mbiri ndi malamulo a azungu, kenaka adatembenuka n'kufunsa eni mabukuwo chifukwa chimene zochita zawo zidasiyanirana ndi zolemba zawo. Levi Mumba adali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association m'chaka cha 1912, ndipo m'chaka cha 1944 adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Clements Kadalie adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, bungwe limene lidagwedeza South Africa yense. Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi wa abusa atatu oyamba achikuda odzozedwa ndi mishoniyi m'chaka cha 1914, adapatukana ndi amishoni m'chaka cha 1933, ndipo adachita kulemba zifukwa zake mwatsatanetsatane, kutsutsana nawo pogwiritsa ntchito Malemba omwewo amene iwo adamphunzitsa. Munthu akhoza kugwirizana nawo anthuwa kapena ayi, koma palibe angakane kuti adali owerenga amene buku likalankhula iwo ankayankha. Nanga ife, zidzukulu zawo, tikulera ana otani pamene tikuwauza kuti pamaso pa buku apinde manja?

Ndiponso buku si mngelo. Limalakwa, ndipo limakalamba. M'malaibulale a sukulu zathu mudakali mabuku onena kuti dziko lino lili ndi maboma 24 pamene alipo 28, mapu olembedwa Zaire ngakhale dzinalo lidatha m'chaka cha 1997, olembedwa Swaziland ngakhale lidasinthidwa kukhala Eswatini m'chaka cha 2018, ndi mabuku a sayansi owerengera Pluto m'gulu la mapulaneti asanu ndi anayi ngakhale akatswiri adaichotsamo m'chaka cha 2006. Ambiri a mabuku ameneŵa adabwera ngati mphatso, ndipo sitingawataye poti tilibe ena. Tsono chabwino n'chiti: kuti cholakwacho chikhale choyera bwino, n'kumasocheretsa kalasi ndi kalasi, kapena kuti wophunzira watcheru akonze ndi pensulo n'kulembapo chaka? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife tikuwadyetsa ana phula lokutidwa bwino m'pulasitiki.

Kwa inu ophunzira ndinene izi, poopa kuti mungapite kwa mphunzitsi wamkulu mawa n'kukanena kuti buku la Chichewa lakulolani kuswa lamulo. Buku la mwini ndi la mwini. La ku National Library Service kapena lobwereka kwa mnzanu musalembemo mwini wake asanavomere, ndipo pamene sukulu yanu idakaletsa, pemphani kuti lamulolo liunikidwe, musalizembe. Pakadali pano m'mphepete mwa tsamba mungathe kudzipangira nokha. Dulani timapepala tatitali, m'lifupi ngati zala zitatu, mulowetse m'buku pa tsamba limene mukuwerenga, mulembepo nambala ya tsambalo pamwamba, kenaka mukangane ndi wolembayo pamenepo. Kapena patulani kope limodzi likhale mnzake wa bukulo, losakoperamo kanthu, lolembamo mafunso anu okha ndi mayankho anu. Ndipo zilipo zambiri zimene ndi zanuzanu: mapepala a mayeso akale, timabuku tofotokopa, nyuzipepala, ndiponso manotsi amene mumakopera pa bolodi. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale manotsi awo omwe ophunzira ambiri amaopa kuwakhudza. Amawakopera mwaluso, nalemba mitu ndi inki yofiira, nawasunga oyera ngati malaya a ukwati. Mantha amene tidawaphunzitsa pa buku la boma adafalikira mpaka m'kope logula ndi ndalama ya fodya wa bambo awo.

Pamenepa ndipo ndikukayikira ngati nkhani yonseyi ili ya mapepala. Ndikaganiza za tsiku lija, ndimaona kuti chimene chidandikwiyitsa sichidali pensulo. Chidali chakuti mwana wa Fomu 3 adaona mpata pa tsamba limene ine ndinkaliyesa lathunthu. Mwana wosalemba m'buku ndi wosavuta kuphunzitsa: safunsa, sakutsutsa, sakuchititsa manyazi pamaso pa kalasi. Mwana wolemba m'mphepete amabwera m'mawa ndi mafunso atatu, ndipo limodzi mwa iwo mwina mphunzitsi sangaliyankhe. Kunena kuti "sindikudziwa, tiyeni tikafufuze" kumafuna mtima umene ku koleji sadatiphunzitse. N'kwapafupi kuloza chenjezo la pa chikuto. Anzanga aphunzitsi, tisabisale kuseri kwa kuchepa kwa mabuku pamene chikutivuta ndi kuchepa kwa kudzichepetsa kwathu. Kumapeto kwa teremu tiziwerengabe mabuku obwezedwa, inde, koma tiziyang'anamo kuti tione pamene ana adakakamira, pamene sadamve, pamene adatitsutsa. Pamenepo ndipo tiyambire phunziro la teremu yotsatira.

Buku la Bayoloje lija ndidakumana nalonso patapita zaka ziwiri, chikuto chitayamba kuthothoka. Ndidatsekula pa tsamba la malungo. Pensulo idafufutika ndithu, koma mnyamatayo adali wa dzanja lolemera, ndipo nditapendeketsa tsambalo cha pawindo funso lake lidaoneka lonse, litadindika m'pepala. Ndidatenga pensulo yanga, ndidadutsitsa m'timizere take momwemo kuti liwerengekenso, ndipo pansi pake ndidalemba yankho. Mwini funsolo adali atalemba kale mayeso ake n'kubwerera kwawo.